Zomwe tinakaona kwa anzathu a laibulale ya pa yunivesite

Anzanga amene munatsala, ndati ndikuuzeni za ulendo uja poti ambiri mwakhala mukufunsa. Tinapita ife ogwira ntchito m'malaibulale ang'onoang'ono kukaona m'mene anzathu amasamalira magazini, manyuzipepala ndi ma journal (magazini a zofufuza za akatswiri), paja zimenezi ndi zomwe zimatipweteketsa mutu tonse.

Mbali ya mabuku sitinachedweko, ndi za Dewey, kasanjidwe kopatsa mabuku manambala motsata phunziro, zomwe zija tikuzidziwa kale. Tinakhalitsa kuchipinda chakuseri komwe amalandirira zongofika kumene. Mayi oyang'anira kumeneko anatenga journal imodzi ili m'pulasitiki mwake, anayamba ayang'ana ISSN, manambala 8 aja amakhala pachikuto, kenako voliyumu ndi nambala yake, ndikulowetsa mu Koha, ndikudinda chidindo cha tsiku, zonse pompopompo osati zoti ndipanga mawa ayi. Koha ndi pulogalamu yaulere, inayambira ku New Zealand mu 1999, ndiye ubwino wake ukaiuza kuti iyi imatuluka miyezi itatu iliyonse imadikira yokha, nambala ina ikapanda kufika imakuonetsa kuti yachedwa iwe ndikulembera ogulitsa nthawi isanathe. Ena anadandaula kuti kwawo kompyuta kulibe, mayi aja anangotsegula madilowa akale a Kardex, kadi imodzi dzina limodzi, ikafika umachonga. Bokosi la pakadi likakhala lopanda kanthu pakati pa ochonga wadziwa kale kuti pali vuto. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Pa zakasanjidwe ndiye panabuka mtsutso ndithu. Iwo amasanja motsata alifabeti ya dzina, ena mwa ife amafuna motsata phunziro kuti zaulimi zikhale pamodzi zaumoyo pamodzi. Ine ndili mbali ya alifabeti chifukwa munthu amabwera ndi dzina la journal atalemba pakapepala, sabwera ndi nambala ya Dewey. Vuto lake ndi pomwe journal yasintha dzina, paja imapatsidwanso ISSN ina, ndiye zakale zili ku B zatsopano ku J, munthu azungulire mpaka atope. Anzathuwa amaika kakhadibodi pashelefu kolozera kuti pitani pakuti. Kanthu kakang'ono koma abale kothandiza bwanji.

Tili pakauntala panafika mtsikana wina wophunzira, nkhope yokha imaoneka kuti wafika nazo pakhosi. Anamenyetsa kapepala patebulo akuti wakhala akubwerera nambala yomweyo ya journal, pakompyuta ikuoneka kuti ilipo koma pashelefu palibe, ndipo asayimenti ikufunika mawa. Tonse tinangoti zii. Bambo a pakauntala sanamudule mawu, sanayambenso zoti malamulo athu amati chakuti, anamusiya amalize kenako anapepesa ndikumupempha kapepala kaja. Atayang'ana anamuuza chilungamo kuti voliyumu yonse inapita kukamangidwa pamodzi kuti ikhale buku limodzi ndipo lero siipezeka, koma anamukhazika pampando ndikufufuza naye limodzi nkhani yomweyo pa intaneti kudzera pa Research4Life, njira yowerengera ma journal pa intaneti, poti laibulaleyo inalembetsa kumeneko. Anaipeza. Mtsikana uja sanachoke akuseka ayi, anali adakali wokhumudwa, koma anachoka ndi chomwe anabwerera.

Chinandikhudza ndi choti bambo aja anatha kuyankha chifukwa kuseri kuja wina analemba kuti voliyumu yapita kokamangidwa tsiku lakuti. Popanda zimenezo akananena chani? Kuti kayang'aneninso bwinobwino? Mawu amenewo ndi amene amapsetsa anthu mtima kwambiri, munthu wayang'ana kale kangapo ndiye ukumutumanso komweko ngati iye ndi amene sakuona. Tingaphunzire kumwetulira mpaka liti koma ngati sitikudziwa komwe chinthu chili munthu akalipabe ndipo salakwa.

Atachoka mtsikanayo bambo aja anakonzanso pakompyuta kuti aliyense aziona zoti voliyumuyo ili kokamangidwa, chifukwa mpamene panagona vuto.

Pobwerera tinagwirizana kuti aliyense ayambe ndi mndandanda wa mayina onse omwe amalandira, pakadi kapena pakompyuta, alembe manambala omwe akusowa, ndipo tikakumananso tidzafananize, mwina yomwe ikusowa kwanu ena ali nayo iwiri. Amene munatsala nanunso yambani, musadikire.