Mizinga ya pa Robben Island

Lolemba bwana anandipatsa fayilo ya gulu la mpingo wina wa aMalawi ku Yeoville kuno ku Joni, lomwe likupita ku Cape Town mu Disembala. Ntchito yanga ndi yokonza maulendo: basi, malo ogona, matikiti a boti. Pa tsiku lopita ku chilumba cha Robben Island iwo analemba dzina limodzi lokha, Mandela.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinangokhalira foni. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway, ku V&A Waterfront, ndipo mphepo ikakula ulendo umalephereka, choncho ndinawasungira tsiku lina lapadera.

Lachinayi kunabwera a tcheyamani awo, bambo achikulire a ku Zomba, dipoziti ili mu envelopu yopinda pawiri. Akuwerenga ndalamazo, maso awo anagwera pa chithunzi chomwe chinali pakompyuta yanga: chimzinga chotuwa chitakhazikika pa konkire, kukamwa kwake kutaloza kunyanja.

"Mwanangu, akaidi ankawalondera ndi chimfuti chotere?"

"Ayi bambo, chimenechi chinafika Mandela asanapondeko."

Ndinawakokera mpando pafupi. Chilumbachi chinkasungirako odwala khate mpaka 1931. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, asilikali anachisandutsa linga lawo chifukwa chili pakhomo penipeni pa Table Bay, pomwe pali doko la Cape Town. Njira ya ku Mediterranean itaopsa, sitima zonyamula asilikali ndi zida zinkazungulira ku Cape, ndiye doko la Cape Town linayenera kutetezedwa zivute zitani. Anamanga doko la Murray's Bay, misewu ndi nyumba za asilikali, n'kuikako mizinga ya mainchesi 9.2 ndi ina ya mainchesi 6. Chipolopolo chimodzi cha mzinga waukuluwo chinkalemera makilogalamu oposa 170. Kunalinso amayi a gulu lankhondo la pamadzi, otchedwa SWANS, omwe ankayang'anira zipangizo zodziwira ngati sitima ya adani ikudutsa pansi pa nyanja.

Mantha amenewo sanali achabe. Mu Okutobala 1942 sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinamiza sitima zambiri za katundu kufupi ndi Cape Town. Koma mizingayo sinaombere mdani ngakhale kamodzi, poti adaniwo ankabisala pansi pa madzi, kutali ndi gombe. Mu 1961 chilumbacho chinapita m'manja mwa a ndende, ndipo Mandela anakhalako kuyambira 1964 mpaka 1982.

Bambowo anavula magalasi. Anati agogo awo anali mu King's African Rifles, anakamenya nkhondo yomweyo ku Burma, ndipo iwo anakula akudutsa pa chipilala cha asilikali ku Zomba osachilabadira. Apa m'pamene mtima wanga uli. Ndende ija ndi yofunika kuiona, palibe angatsutse, koma nkhondo yomwe inabweretsa mizingayi inatenganso anyamata m'midzi ya kwathu, ndipo ana athu obadwira kuno ku Joni sakuidziwa.

Lachisanu ndinasintha pulogalamu. Ndinalembera owaperekeza kuti akawalozere mizingayo basi ikamazungulira chilumba. Ndinaonjezanso ulendo wa Loweruka lina asananyamuke, wokaona zida za nkhondoyo ku Ditsong National Museum of Military History ku Saxonwold kuno ku Joni, yomwe Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa panthawiyo, anatsegula mu 1947. A tcheyamani ayankha pa WhatsApp kuti achinyamata onse apite, ndipo thiransipoti ya tsikulo ilipiridwa ndi mpingo.