Tsiku limene ndinavala thewera ku Senga Bay

Nkhani yonse inayamba ndi mimba, koma osati ya mayi a kunyumba ayi. Yanga. Iwo atafika miyezi isanu, anzanga ku ofesi anayamba kufunsana kuti pa awirife adzayambe kuchira ndani. Tsiku lina tili pa msonkhano batani la malaya anga linathothoka n'kukagwera m'kapu ya tiyi ya abwana. Madzulo omwewo ndinalembetsa dzina pa mpikisano umene anzathu ena okonda zothamanga ankakonza kunyanja.

Mpikisanowo amautcha triathlon. Umasambira, ukatuluka m'madzi n'kukwera njinga, ukatsika njinga n'kuliyatsa liwiro, zonse motsatizana, wotchi osaima. Mnzanga amene anandikokera m'zimenezi, munthu wodya masamba osaphika ngati kalulu, anati wathuwo ndi wa ongoyamba kumene, wotchedwa sprint: mamita 750 m'madzi, makilomita 20 pa njinga, makilomita 5 wapansi. Anati zenizeni ndi Ironman, yomwe inayambira ku Hawaii mu 1978, kumene munthu amasambira makilomita 3.8, kupalasa 180, n'kuthamanganso 42 ngati walakwira mudzi wonse. Poyerekeza ndi zimenezo, zathuzi zinkamveka ngati ulendo wa kuchigayo.

Ndinawerengetsa bwinobwino. Mwana abadwa kumapeto kwa Ogasiti, mpikisano uli kumayambiriro kwa Novembala, masabata khumi athunthu. Ndinauza mayi a kunyumba kuti khanda limangogona tsiku lonse, choncho nthawi ikhalapo yambiri. Sanayankhe. Anangondiyang'ana mwachisoni, mmene umayang'anira mbuzi ikudya msipu mosangalala pa 24 Disembala.

Mwana asanabadwe zinkayendako. Ine kwathu ndi ku Dowa, ndipo kusambira kumene ndinakula nako n'kwa m'dambo, kophupha ngati galu. Ndinayamba kulipira pa dziwe la hotela ina mu Lilongwe muno, lotalika mamita 25. Kuti akwane mamita 750 uyenera kuwoloka ka 30. Ine ndikawoloka ka 6 ndinkagwira khoma n'kumanamizira kukonza magalasi. Njinga ndinagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo: matayala owonda ngati chala, chishalo chopyapyala ngati mpeni wosendera mbatata. Nditaipalasa koyamba ndinayenda masiku atatu ngati munthu wochokera ku mdulidwe. Apo m'pamene ndinagula kabudula wa opalasa njinga, uja wokhala ndi siponji kumatako. Mtengo wake kunyumba sindinaunene mpaka lero.

Kenaka bwana wamng'ono anabadwa, mnyamata, ndipo apongozi anafika kuchokera ku Ntcheu ndi thumba la ufa, nkhuku yamoyo ndi malamulo.

Zoti khanda limangogona n'zoona, koma palibe amene anandiuza kuti limagona masana. Usiku limayitanitsa msonkhano maola awiri alionse, ndipo palibe wololedwa kupereka chipepeso. Pepala la ndondomeko ya masewera limene ndinamata pa filiji linatembenuzidwa, kuseri kwake n'kumalembapo nthawi zimene mwana wayamwa. Mpata wokhawo umene unatsala unali 4 koloko m'mamawa, iye akangoyamwa n'kugona. Ndiye ndinkanyamuka mwakachetechete, nsapato m'manja, nditavala zothina zanga zija.

Tsiku lachitatu ndinapeza apongozi atakhala pa mkeka pabalaza, mumdima, ngati mlonda. Pa mwambo wathu iwo ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso, choncho anayang'ana kukhoma n'kuyitana mwana wawo.

"Tawafunsa abambo akewo, usiku uno akupita kuti atavala zam'kati zokhazokha?"

"Akukathamanga, amayi," anayankha mayi a kunyumba ali kuchipinda.

"Akuwathamangitsa ndani?"

"Palibe."

"Nanga iwo akuthamangitsa ndani?"

Kunali zii. Kenaka apongozi anauza khoma lija kuti iwo alera ana asanu ndi awiri, tsempho amalidziwa, ndipo mwana akadzayamba kutupa masaya asadzamve wina akunamizira malungo. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankamuvula mwana, kumuyang'ana masaya, kumusinikiza timapazi, akatero n'kuponya diso kumene kuli nsapato zanga. Munthu wosalakwa ine, ndinayamba kuyenda m'nyumba mwanga ngati wakuba.

Ndinasiya zotuluka usiku. Masewera anga anasanduka kuzungulira tebulo la pabalaza mwana ali paphewa. Usiku wina wotchi yanga yowerenga mtunda inaonetsa kuti ndayenda makilomita 4 osatuluka pakhomo. Kudziwe ndinapitako kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri ndinagona tulo nditatsamira khoma, madzi ali m'khosi, mpaka mnyamata woyang'anira osambira anachita kundigwedeza ndi mtengo wochotsera masamba.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndinachidziwa bwino. Pa triathlon pali malo osinthira, amati T1 pochoka m'madzi kupita pa njinga, T2 pochoka pa njinga kuyamba kuthamanga, ndipo wotchi imawerengabe uku ukulimbana ndi zingwe za nsapato. Akatswiri amasintha m'masekondi. Ine luso limeneli ndinaliphunzirira pa matewera. Kumatula, kupukuta, kupaka Vaseline, kulowetsa latsopano, kumata: ndinafika pa masekondi 52. Ndikanatsitsabe, koma mnyamatayo anaphunzira kudikira kuti ndiweramire pafupi kenaka n'kutsegula mpope.

Tsopano za zikwama. Mayi a kunyumba anagula zikwama ziwiri zakuda zofanana ndendende pa msika wa kaunjika, chifukwa wogulitsa anawatsitsira mtengo akatenga zonse. China chinakhala cha mwana, china ndinalanda ine. Madzulo a Lachisanu ndinalongedza changa mwadongosolo: kabudula wa siponji, malaya a njinga, nsapato, masokosi, ndi timapaketi ta zotsekemera zopatsa mphamvu timene amati gel. Ndinachiika pafupi ndi chitseko. Tsiku lomwelo mwana anali atabayidwa katemera wa masabata khumi kusikelo, ndiye thupi linatentha pang'ono, ndipo analira usiku wonse ngati tamulanda munda. Ndinagona mphindi 40. Mnzanga ataimba hutala cha m'ma hafu pasiti 3, magetsi anali atazima. Ndinavala kabudula wosambirira, T-shirt, mapatapata, magalasi osambirira m'khosi, n'kupapasa pafupi ndi chitseko. Dzanja linagwira chikwama. Ndinatuluka.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 100 kudzera msewu wa Salima, ndipo ine sindinaone ngakhale imodzi. Ndinadzidzimuka galimoto itaima, anthu ali kale m'mphepete mwa madzi akumva malangizo. Ndinatsitsa njinga, kukoleka chisoti pa handulo, kuponya chikwama pambali osatsegula, n'kuthamangira kumchenga.

Nyanja si dziwe la hotela. Ilibe khoma logwira, ilibe mzere pansi wokulondolera. Nditasambira kanthawi ndinadzutsa mutu n'kupeza kuti chimene ndinkalondola si chizindikiro chokhotera ayi, koma chigubu cha msodzi wina amene anali m'bwato lake akundiyang'ana modabwa. Anandilozera ndi nkhafi kumene kunali anzanga. Ndinatuluka m'madzi wachiwiri kuchokera kumapeto, pambuyo panga pali bambo wina wa imvi amene ankasambira chagada uku akuyimba nyimbo ya kutchalitchi.

Koma mtima unali m'malo, chifukwa tsopano tinafika pa T1, pa luso langa. Ndinagwada, ndinakoka zipi.

Matewera asanu ndi limodzi. Paketi ya zopukutira. Vaseline. Chitenje cha mayi a kunyumba. Tizipewa tiwiri toluka. Kabuku ka kusikelo. Ndinatseka zipi, n'kutsegulanso, ngati kuti mwina zisintha. Ndinapisa dzanja mpaka pansi n'kutulutsa kachidole kolira ukakafinya. Kanalira.

Munthu wogona mokwanira akanakhala pansi n'kuitanitsa tiyi. Koma mutu umene wagona mphindi 40 uli ndi nzeru zakezake. Ndinayang'ana chishalo chija, n'kukumbukira masiku atatu a mdulidwe aja. Ndinayang'ana matewera. Kodi siponji n'chiyani, thewera n'chiyani? Ndinadzikulunga chitenje ngati ndikusintha zovala, ndinatambasula matewera awiri, n'kuwayala bwinobwino m'kati mwa kabudula wonyowa uja. Ndikunena monyadira kuti sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi.

Ndipo abale, makilomita oyambirira anali okoma. Sindinakhalepo pa njinga mofewa chonchija. Ndinayamba kuganiza zoti opanga makabudula a siponji amatibera. Vuto linali mapatapata okha, amene ankaterereka pa mapedulo. Tinkapalasa makilomita 10 kulowera ku Salima n'kubwerera, ndipo cha pakati wakabaza wina, atanyamula mayi ndi thumba la chimanga, anandipitirira pa kamtunda uku akundipatsa moni waulemu: "Mwadzuka bwanji, bwana?" Sanali kupuma mwabefu n'komwe.

Chimene ndinaiwala, ine katswiri wa matewera, ndi ntchito yeniyeni ya thewera. M'kati mwa matewera otayawa muli tinthu tonga mchere timene timamwa madzi ochuluka kuposa kulemera kwake, n'kufufuma kukhala ngati phala lozizira. Ndili pa njinga matewera aja anali atamwa kale madzi a m'kabudula. Nditatsika kuti ndiyambe kuthamanga, dzuwa la Salima la mu Novembala linali litakwera, lija lowotcha ngati uli ndi ngongole nalo. Pa malo oyamba ogawira madzi ndinamwa kapu imodzi, ziwiri n'kudzithira kumutu monga ankachitira anzanga. Madziwo anatsika ndi msana. Mukudziwa kumene anakathera.

Pa kilomita yachiwiri ndinamva ngati wina wandimangirira chikwatu cha nsima kumbuyo. Pa yachitatu miyendo inakana kuyandikana, ndinayamba kuyenda ngati bakha, mapatapata ali phwa, phwa, phwa pa tala. Ana a m'mudzi amene ankathamangira limodzi ndi aliyense wodutsa anasiya ena onse n'kusankha ine. Poyamba ankangoseka. Kenaka kamtsikana kena, kosapitirira zaka zisanu ndi chimodzi, kanafuula ndi mawu omveka mpaka ku Mozambique:

"Amayi, bwerani mudzaone! Abambo awa adziyipitsira!"

Ndinayesa kuwonjezera liwiro kuti ndiwathawe. Kumeneko kunali kulakwitsa komaliza, chifukwa thewera lina linaphulika. Tinthu tija tinayamba kutuluka m'miyendo ya kabudula, toyera, tonyezimira, ngati mazira a achule, n'kumagwera pamsewu mondondozana. Anawo anasiya kuseka. Mmodzi anatola ndi kamtengo n'kumaonetsa anzake. Mayi wina wogulitsa mandasi anagwira kukamwa n'kunena kuti matenda a masiku ano ngoopsa.

Ndinamaliza. Zimenezo zilembedwe. Maola 2 ndi mphindi 19, womaliza pa onse, chifukwa bambo wa imvi uja anandipitirira pa kilomita yachinayi akuyimbabe nyimbo yomwe ija. Pomalizira mayi wina wa chithandizo choyamba anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisachite manyazi, zimachitika, kodi zinayamba liti? Mnzanga wa masamba uja sanathe kundithandiza kufotokoza chifukwa anali atagona pamchenga akulira ndi phwete. Koma mphamvu zojambula chithunzi n'kuponya pa gulu la WhatsApp la ku ofesi anali nazo.

Pa foni panali mamisikolo 11. Nditaimba, mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a mwana, chikwama," n'kudula.

Ndinafika kunyumba madzulo nditagula paketi yaikulu ya matewera ngati chipepeso. Ndinamva kuti asanu ndi limodzi aja anali omaliza m'nyumba monse, ansalu anali atanyikidwa m'beseni, ndipo mnyamatayo, mwina pofuna kundichirikiza, anachita zazikulu katatu dzuwa lisanatuluke. Pa chingwe panja panali patayanikidwa malaya anga a njinga, amene anagwira ntchito yopukutira masanzi. Pambali pake panali kabudula wanga wa siponji, wochapidwa, koma wodulidwa miyendo yonse iwiri ndi lumo. Timapaketi ta gel tija apongozi anali atapaka pa buledi. Akuti jamu wake ngwokoma koma opanga ake ndi aumbombo.

Chithunzi chija chinali chitafika kale kwa mayi a kunyumba kudzera kwa mkazi wa mnzanga, ndipo anali atawaonetsa amayi awo. Ndinakhala pampando mwaulemu, chammbali, chifukwa kumbuyo kunali kutanyuka. Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi nkhope. Kenaka anatembenukira kukhoma.

"Uwauze abambo akewo kuti ndawakhululukira. Mwamuna wachibwenzi sangayende chonchi pagulu. Awa vuto lawo ndi lina."

"Amva, amayi."

"Uwafunsenso kuti kathewera ka siponji kaja anagula kuti. Sikadontha. Akagule tina tiwiri."