Sabata yosaka nthawi ya ophunzira a Fomu 4

Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera mumzinda wa Mzuzu, yomwe eni ake ndi Akhristu ndipo siyilandira thandizo la boma, komanso ndimaphunzitsa Chichewa m'Fomu 3 ndi Fomu 4. Ntchito yomwe inandidyera sabata yathayi inkaoneka yaing'ono pa chiyambi, chifukwa inali yongopeza nthawi yoonjezera yoti a Fomu 4 abwereze zomwe anaphunzira mayeso a MSCE asanafike. Zotsatira za mayeso oyeserera zinali zitatuluka, ndipo zinaonetsa kuti ambiri sanachite bwino pa Masamu ndi Kemisitiri.

Pa msonkhano wa aphunzitsi Lolemba panalibe amene anatsutsa kufunika kwa nkhaniyi. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo mwana amene akufuna malo ku Mzuzu University kapena ku yunivesite ina ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza kuti giredi 7 kapena 8, ngakhale imawerengedwa kuti wakhoza, siyimufikitsa komwe makolo ake akumufunira. Sukulu ngati yathu imakhalapo chifukwa cha fizi, ndipo makolo amaonetsetsa zotsatira asanalembetse mwana, choncho chaka chimodzi choipa chimaonekera m'kaundula wa Fomu 1 wa chaka chotsatira. Mphunzitsi wa Masamu anapempha kuti ana onse azibwera Loweruka m'mawa, ndipo anzathu ambiri anavomereza msangamsanga, koma ine ndinapempha kuti andipatse masiku angapo ndisanalembe ndandanda watsopano.

Anzathu a sukulu zogonera konko alibe vuto limeneli, popeza ana awo amawerenga usiku moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Ife ana timakhala nawo masana okha. Amachokera ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Chiputula ndi Luwinga, ena wapansi, ena pa njinga zomwe kuno timazitcha sakaramento, ndipo alipo ochepa omwe amakwera minibasi kuchokera ku Ekwendeni. M'miyezi yozizira ino kumada msanga, mvula yamawawa imatha kugwa tsiku lonse, ndipo palibe kholo lomwe lingalole kuti mwana wake wamkazi azituluka pa geti la sukulu dzuwa litalowa. Masiku otsalawo nawo ali ndi eni ake. Loweruka ndi Sabata la ana a mpingo wa Seventh-day Adventist, Lachisanu masana ana Achisilamu amafunika ku mzikiti, Lamulungu m'mawa a CCAP, Akatolika, a Anglican ndi a mipingo ya Pentekoste amakhala ku tchalitchi, pomwe Lachitatu madzulo ndi nthawi ya magulu a ophunzira Achikhristu a SCOM ndi YCS, yomwe abusa a pasukulu pano sangalole kuti ikhudzidwe.

Lachiwiri ndinalipereka ku ntchito yanga yeniyeni ya m'kalasi. Kuphunzitsa Chichewa ku Mzuzu kuli ndi zake. Ana ambiri amalankhula Chitumbuka kunyumba, ena Chitonga cha ku Nkhata Bay, ena Chinkhonde cha ku Karonga kapena Chilambya cha ku Chitipa, ndipo agogo a ena mwa iwo amakumbukirabe ndi mtima wowawa chaka cha 1968, pomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Ndimayesetsa kuti m'kalasi mwanga mwana asachite manyazi akasakaniza ziyankhulo, ngakhale kuti pa pepala ndimamudula malikisi monga momwe wochonga mayeso adzamudulire. Chomwe chimandidabwitsa chaka ndi chaka n'chakuti pa malamulo a chiyankhulo, monga magulu a mayina ndi agwirizanitsi, ana a kuno nthawi zambiri amaposa anzawo omwe anabwera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre makolo awo atasamutsidwa pa ntchito. Oyambawo amawerenga phunziroli ngati Bayoloje, pomwe enawo amaganiza kuti poti anayamwira Chichewa palibe chowerenga, kenaka amadzaza chimangirizo ndi mawu a m'tauni.

Lachitatu kunabwera bambo wina Msilamu, wochita malonda mumsika waukulu, amene mwana wake wamkazi ali m'Fomu 4. Anali atamva mphekesera yoti maphunziro oonjezera aikidwa Lachisanu masana. "Aphunzitsi," anatero, "mwanayu ndinamubweretsa kuno ndikudziwa kuti sukuluyi ndi ya Akhristu, ndipo sindinadandaulepo kuti amakhala nawo pa mapemphero a m'mawa, koma musandisankhitse pakati pa mayeso ake ndi Mulungu wake." Ndinawatsimikizira kuti palibe chomwe chalembedwa, ndipo tinakambirananso za mpango wa kumutu. Mgwirizano wolola atsikana Achisilamu kuvala mpangowu kusukulu, womwe atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana mu 2021, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, unkakhudza sukulu za mipingo zomwe zimathandizidwa ndi boma, koma komiti yoyendetsa sukulu yathu inasankha kutsatira njira yomweyo, bola mpangowo ufanane ndi yunifolomu.

Maganizo anga pa nkhani imeneyi sindiwabisa, ngakhale kuti aphunzitsi anzanga ena sagwirizana nawo. Kholo limasaina polembetsa kuti mwana adzakhala nawo pa asembule, pomwe timaimba nyimbo za Mulungu ndi kuwerenga Baibulo, ndipo zimenezo n'zoyenera chifukwa sukulu ili ndi ufulu wokhala chomwe inadzilengeza kuti ili. Koma tikalandira fizi ya mwana wa chipembedzo china, talandiranso udindo woti maphunziro ake onse achitike pa nthawi yomwe iye angathe kupezekapo. Kuika phunziro la Kemisitiri pa tsiku lomwe tikudziwa kuti sabwera, kenaka n'kumanena kuti wajomba yekha, ndi kumumana chomwe makolo ake analipira.

Lachinayi linapita ndi nkhani za ndalama. Akauntanti anabweretsa mayina a ana omwe sanamalize fizi ya teremu ino, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikupempha a hedi kuti a Fomu 4 asabwezedwe kunyumba mayeso ali pafupi chonchi. Anavomera kuti makolo aitanidwe kudzalonjeza tsiku lolipira. Madzulo ndinazungulira m'labotale ndi mphunzitsi wa sayansi, tikuwerenga zipangizo zomwe zatsala, popeza MSCE ili ndi mayeso ochita ndi manja pa Kemisitiri, Fizikisi, Bayoloje ndi Ulimi, ndipo mwana amene sanagwirepo chipangizo amanjenjemera tsiku la mayeso ngakhale atalowezeratu buku lonse.

M'labotale momwemo ndi momwe yankho linapezeka. Mphunzitsiyo, yemwe ndi wa Adventist, anandiuza kuti iyenso sakanabwera Loweruka, koma anachita mantha kunena pa msonkhano kuopa kuoneka ngati waulesi. Anadzipereka kuti aziphunzitsa za m'labotale Lamulungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi. Lachisanu m'mawa ndinapereka ndandanda kwa a hedi ndi abusa. Masamu aziyamba nthawi ya 6:30 m'mawa kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, asembule isanachitike. Kubwereza kwa Loweruka kukhalepo kwa omwe angathe, koma pasaphunzitsidwe mutu watsopano. Ndipo Lachisanu a Fomu 4 aziweruka nthawi ya 12 koloko. Abusa anakayikira za Lamulungu, nati, "Aphunzitsi, anthu akamva kuti sukulu ya Chikhristu imatsegula Lamulungu, ine ndidzawayankha chiyani?" Titakambirana, analola kuti ziyambe 2 koloko masana, kwa masabata otsalawa okha, ndipo anati akalengeza okha kwa makolo kuti asamvere kwa ana.

Zinthu ziwiri zatsala zosamalizidwa. Ana a ku Ekwendeni anandiuza poyera kuti minibasi siyinyamuka isanadzaze, choncho 6:30 sangaikwanitse tsiku lililonse, ndipo ndapempha mphunzitsi wa Masamu kuti azikumana nawo pa nthawi ya nkhomaliro. Ndalama yothokozera aphunzitsi omwe adzagwire ntchito yoonjezerayi nayo siyinapezeke, ndipo nkhaniyi ndaiika pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi womwe uchitike Lachiwiri likudzali nthawi ya 3 koloko masana.