Injini ikamalira popanda katundu

Lolemba m'mawa, ndisanavale n'komwe ovololo, pa galaja panafika bambo wina ndi galimoto ya otomatiki yomwe anali atangogula kumene. Nkhope yawo inkaonetseratu kuti usikuwo tulo sanatione. "Amakaniko," anatero, "ndikuona ngati andigwiritsa chinthu chakufa. Tamverani nokha." Analowa, giya ili pa P, n'kuponda moto mpaka pansi. Muvi wa pa geji ya liwiro la injini unathamanga, kufika pa 4 n'kuima nji, ngati wagunda khoma. "Mzere wofiira uli kupitirira pa 6. Nanga ikukaniranji apa?"

Ndinawapempha kuti achotse kaye phazi. Funso limeneli ndalimva kangapo chaka chino, ndipo nthawi zonse wofunsayo amakhala ali ndi mantha enieni, chifukwa ndalama zogulira galimoto sizipezeka tsiku limodzi. Choncho sindinangowauza pakamwa. Ndinatenga makina oyezera, ndinawalumikiza pansi pa chiwongolero, n'kuwapatsa kuti agwire okha. Nditaponda moto, pagalasi panaoneka manambala awiri. Yoyamba inkasonyeza kuti pedulo yapondedwa yonse, 100 peresenti. Yachiwiri, ya kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, inatseguka kanthawi kochepa, kenaka n'kubwerera yokha n'kutsala kampata kakang'ono. Bambo aja anayang'ana phazi langa, anayang'ananso pagalasi, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndiye kuti ikuchita dala?"

Eya, imachita dala. Manambala a pa geji ija amawerenga maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi imodzi, ndipo 4 akutanthauza 4,000. Pa giyabokosi pali swichi yomwe imauza kompyuta ya galimoto kuti giya ili pa P, pa N kapena pa D, ndipo masensa a liwiro amaiuza ngati matayala akuzungulira. Kompyuta ikaona kuti galimoto yaima komanso injini sikukoka kanthu, imagwiritsa ntchito malire otsika. Malirewo amasiyana malinga ndi kampani yopanga: zina zimaimira cha m'ma 3,000, zina cha m'ma 4,000 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo galimoto zambiri zakale zili ndi malire amodzi okha, a pa mzere wofiira. Kaimitsidwe kakenso n'kosiyana. Zina zimadula petulo pa ma injector, timipopi topopera petulo mu injini, kenaka n'kumubwezeretsa, ndiye mumamva injini ikudukiza, bu-bu-bu-bu. Zomwe zilibe chingwe chochokera ku pedulo, ngati ya bambo awa, zimangotseka mpweya mwakachetechete.

Anapita, koma ndinaona kuti mtima sunakhale pansi.

Lachiwiri masana ntchito inachepa, ndipo mnyamata yemwe akuphunzira ntchito kwa ine anabweretsanso nkhani ija. "Abwana, ngati injini imapirira 6,000 ikukoka galimoto yonse pamtunda, ingavutike bwanji ili yokha? Si ndiye kuti ikupuma?" Funsoli linandisangalatsa, chifukwa anthu ambiri amasochera pomwepa.

Ndinamuuza kuti akumbukire tsiku limene anakankhapo chitseko ndi mphamvu zonse poganiza kuti n'cholimba, chikhalirecho chinali chongotsekedwa pang'ono. Injini ikakhala m'giya imakoka chinthu cholemera kuposa tani imodzi, ndipo kulemera kumeneko kumaigwira dzanja kuti izikwera pang'onopang'ono. Ikakhala pa nyutilo (N), chomwe ikuzunguza ndi fulaiwilo ndi zitsulo zochepa basi. Imachoka pansi kufika pamwamba m'kuphethira kwa diso, moti kompyuta ikamadula mafuta, liwiro lija limatha kudumpha malire pang'ono lisanabwerere. Kuika malire pansi kumasiya danga loti kudumphako kusafike pangozi.

Kenaka ndinatsitsa pa shelefu zinthu ziwiri zomwe ndimasunga dala: valavu yopindika ngati chala cha munthu wokalamba, ndi pisitoni yokhala ndi chipsera chooneka ngati kamwezi pamutu pake. Ndinamugwiritsa m'manja. Pa 6,000, kirankishafuti, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza, imazungulira maulendo 100 pa sekondi imodzi. Pisitoni iliyonse imaima n'kutembenuka maulendo 200 pa sekondi yomweyo, ndipo valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka maulendo 50. Mphamvu yomwe imakoka pisitoni potembenukapo sikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndiye pakati pa 3,000 ndi 6,000 pali phompho lalikulu kuposa mmene geji imaonetsera. Mabawuti a konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti, ndi amene amasenza zimenezo, makamaka pisitoni ikafika pamwamba potulutsa utsi, pomwe palibe mpweya wopanikizika woitchinga. Masipuling'i a mavalavu nawo ali ndi polekezera. Liwiro likawapitirira amalephera kubweza valavu pa nthawi yake, ndipo pisitoni imaipeza panjira.

Iye anatembenuza valavu ija n'kufunsa kuti, "Nanga iyi inapindika bwanji, poti malire analipo?" Inachoka m'galimoto ya magiya apamanja. Dalaivala ali pa liwiro anafuna kuchoka pa giya 5 kupita pa 4, dzanja n'kulowa pa 2. Pamenepo matayala ndi amene amazunguza injini, ndipo kompyuta ngakhale idule mafuta onse, singachite kanthu. Kompyuta imateteza pokhapo pomwe ili ndi mphamvu, ndipo pa P ndi pa N ili nazo zonse.

Ndiyenera kunena chilungamo apa. Injini yabwino, yotentha kale, singafe chifukwa chofika pa mzere wofiira kamodzi ili pa nyutilo. Chomwe chimandiwawa n'choti zitsulo zimavutika popanda phindu lililonse, ndipo anthu amakonda kuchita zimenezi pa nthawi yoipitsitsa, m'mamawa atangoliza kumene. Oyilo wozizira amakhala wolimba, sayenda msanga kufika ku mabeling'i ndi kumutu kwa injini. N'chifukwa chake BMW, pa M3 ya mtundu wa E46, inaika timagetsi pa geji tomwe timazima kamodzikamodzi oyilo akamatentha, kuuza dalaivala pomwe angafike. Palinso nkhani ya kutentha. Galimoto yoima silandira mphepo ya pamsewu. Rediyeta imadalira fani yokha, ndipo ekizozi ndi catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi) pansipo zimangotentha popanda chozizizira. Mabuku a galimoto amachenjeza za kuimika pa udzu wouma pa chifukwa chomwechi.

Lachitatu linali la oyilo, mafiluta ndi mabuleki. Palibe chonena.

Lachinayi kunabwera mayi wina, ndipo mawu awo oyamba anali ofanana ndi a bambo a Lolemba: injini ikukana kukwera. Ndikanafulumira ndikanawabweza ndi yankho lomwe lija. Koma nditafunsitsa anati, "Ayi bambo, ngakhale ndikuyenda. Pamtunda ikuchita kukwawa, ndipo kagetsi kachikasu kayaka." Apo ndiye pali vuto lenileni. Kompyuta ikalandira uthenga wosamveka kuchokera ku sensa yofunika, imachepetsa mphamvu kuti munthu angofika poti athandizidwe. Makina anasonyeza sensa ya pa pedulo. Sensayi imatumiza mauthenga awiri omwe amayenera kugwirizana, ndipo apa sankagwirizana. Nditazula pulagi yake ndinapeza timapini tiwiri tili tobiriwira ndi dzimbiri la madzi omwe ankadontha pansi pa dashibodi. Tinatsuka, tinatseka podonthapo, ndipo galimoto inabwerera m'chimake. Kusiyana kwake n'kumeneku: ikamakana ili pa P pokha, koma pamsewu ikukoka bwino, si matenda. Ikamakana ikuyenda, musachedwe nayo.

Lachisanu tinatsegula giyabokosi ya galimoto yakale yomwe inabwera pokokedwa. Tisanamasule n'komwe zonse, fungo linatiuza kale. Mafuta a m'giyabokosi, omwe amayenera kukhala ofiirira, anali akuda bii, akununkha chopserera. Timbale ta kilachi ta giya yoyamba tinali titaperepeseka mpaka chitsulo, ndipo maginito a pansi pa sampu anali atavala utuchi wachitsulo ngati ubweya. Mwini wake anaulula yekha kuti mwana wawo ankakonda kuiliza kwambiri pa N, kenaka n'kugwetsera pa D kuti matayala alire. Timbale tija timayenera kugwira injini ikuzungulira cha m'ma 700 kapena 800. Kutigwiritsa pa 5,000 n'kutimenya ndi nyundo, ndipo nkhonyayo imapitirira mpaka ku mashafuti ndi ku mamaunting'i a injini. Galimoto imeneyo inalibe malire a pa nyutilo. Ndinaitana mnyamata uja kuti agwire kambale kamodzi, ndipo sindinafunikenso kufotokoza.

Loweruka chakum'mawa bambo a Lolemba aja anabweranso. Munthu wina anawauza kuti malire aja amachotseka ndi laputopu, ndipo ankafuna ndiwachotsere. Ndinawauza kuti n'zoona zimatheka, koma ine sindichita. Ndinawafunsa chomwe akufuna kumva pa 6,000 galimoto ili chiimire. Anati akufuna kutsimikiza kuti injini ili ndi mphamvu.

"Mphamvu siimveka pamenepo, achikulire. Ngakhale injini yotopa imalira bwino ikakhala yopanda katundu. Tiyeni tikaifunse pamtunda."

Tinadikira mpaka muvi wa kutentha utafika pakati. Iwo ndiwo anayendetsa, ine ndili pambali ndi makina pamiyendo. Titafika pa msewu wotakasuka wokwera pang'ono, kutsogolo kulibe kanthu, ndinawauza kuti aponde. Giyabokosi inatsika magiya awiri, galimoto inatikankhira kumpando, ndipo muvi unadutsa pa 4 osacheuka, pa 5, mpaka pafupi ndi mzere wofiira, kenaka giya inasintha yokha bwinobwino. Ndinawasonyeza pagalasi kuti kachitseko ka mpweya kaja kanali katatseguka konse. Anachotsa phazi n'kupumira m'mwamba. Pobwerera sanatchulenso za laputopu. Anangofunsa kuti oyilo wake azisintha pakatha makilomita angati, ndipo ndinawatsegulira buku la galimotoyo kuti awerenge okha.