Zimene ndaphunzira pa masamba oyamba a m'dimba langa

Chaka chino ndinayamba kuphunzira ulimi wa ndiwo zamasamba pa kamalo kakang'ono kuseri kwa nyumba yathu ku Matawale, ndipo popeza tayamba kudya zochokera m'kadimba kameneka, ndaona kuti ndi bwino kulemba zimene ndamvetsa zisanachoke m'mutu. Aphunzitsi anga ndi awiri: alangizi a zaulimi amene amayendera dera lathu, ndi mayi ena achikulire oyandikana nafe, omwe agulitsa masamba mumsika waukulu wa Zomba kwa zaka zambiri. Alangizi amandiuza chifukwa cha chinthu chilichonse, pamene mayiwo amandisonyeza ndi manja awo, ndipo kawirikawiri zimene awiriwa amandiphunzitsa zimagwirizana ngakhale sanakhalepo pamodzi n'kukambirana.

Ndinafesa mpiru ndi repu pa nazale mvula itangosiya, chifukwa masamba a mtundu wa kabichi amakonda nyengo yozizira, ndipo kuno kumunsi kwa phiri miyezi ya June ndi July imakhala yozizira bwino, nthawi zina ndi kamvula ka chiperoni. Mbande zimakhala pa nazale milungu 3 kapena 4, mpaka zitakhala ndi masamba anayi kapena asanu, kenako zimawokedwa madzulo dzuwa litapepa, motalikirana pafupifupi masentimita 30. Bonongwe yekha ndinamufesa pabedi pomwepo popanda kudzera pa nazale.

Ndiwo zoyamba zinachokera pa ntchito imene sindinkaiwerengera ngati kukolola. Bonongwe amamera mothithikana chifukwa njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho pamafunika kupatulira kuti wotsalayo apeze mpata. Timbewu tozulidwato, totalika ngati chikhatho, tokhala ndi timizu toyera tonyamula dothi, ndi ndiwo zofewa kuposa zonse zimene bedi lidzatulutse. Tinadula mizu, kutsuka, n'kuphika ndi tomato mmodzi ndi nsinjiro pang'ono, ndipo zinapsa madzi a nsima asanawire. Masamba anthete safuna soda, ndipo ndi bwino kutero, pakuti soda amawononga mavitamini ena amene timafuna m'ndiwo zamasamba.

Phunziro lalikulu ndalipeza pa kathyoledwe ka mpiru, umene unayamba kuthyoledwa patatha pafupifupi mwezi umodzi chiwokereni. Munthu wongoyamba kumene amaona tsamba lililonse lobiriwira ngati lokhwima, ndipo dzanja limathamangira a pakati chifukwa ndiwo ooneka okongola. Mayi aja atabwera kudzaona mabedi, anagwada, nagwira tsamba la m'munsi pafupi ndi tsinde, nalikankhira pansi ndi chala chachikulu mpaka linathyoka lokha mosasiya chitsa. Anati, "Mwana wanga, muzitenga awiri kapena atatu a kunjaku pa mbewu iliyonse. A pakatiwo muziwasiya, ndi ndiwo za mlungu wamawa." Alangizi anandifotokozera pambuyo pake kuti tsamba ndilo limapanga chakudya cha mbewu pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, kotero mbewu imene yalandidwa masamba ambiri nthawi imodzi imaima kukula, pamene yothyoledwa pang'onopang'ono imapitiriza kutulutsa masamba kwa milungu yambiri. Apa ndinazindikira kuti kuthyola ndi mbali ya kasamalidwe ka mbewu, monga kuthirira ndi kupalira, ndipo kutalika kwa nthawi imene bedi lidzadyetse banja kumadalira kwambiri dzanja la wothyolayo.

Nthawi yothyola ndiyonso nthawi yabwino yoyang'anitsitsa mbewu. Masamba a m'munsi akayamba chikasu pamene mbewu ikukula mochedwa, nthawi zambiri ndiye kuti m'nthaka mwachepa nayitirojeni, mchere wa m'nthaka wothandiza masamba kukula ndi kubiriwira, ndipo pamafunika manyowa owola bwino. Zitosi za nkhuku zosawola zimawotcha mizu, choncho ndimaziunjika kaye pamodzi ndi zinyalala za m'munda ndi phulusa mpaka zitazizira n'kuda. Ndayambanso kuikamo masamba a gliricidia, mtengo umene akatswiri a pa malo a kafukufuku wa zaulimi ku Makoka, pafupi ndi Thondwe, aufufuza kwa zaka zambiri pa ntchito yobwezeretsa chonde m'nthaka. Ndimatembenuzanso tsamba lililonse kuti ndione kunsi kwake, chifukwa kumeneko ndiko kumabisala nsabwe za m'masamba, tizilombo totuwa timene timaunjikana n'kumayamwa madzi mpaka tsamba litapindika. Zikakhala zochepa ndimaziphwanya ndi zala kapena kuthyola tsamba lonse n'kulitaya kutali, ndipo zikachuluka ndimapopera madzi onyikamo masamba osinja a nimu. Amene akugwiritsa ntchito mankhwala ogula ayenera kudikira masiku olembedwa pa botolo asanathyole, ndipo m'maganizo anga phindu lalikulu la dimba la pakhomo lili pomwepa: munthu amadziwa chimene chathiridwa pa ndiwo zimene ana ake akudya.

Nkhani ya madzi ndi yaifupi koma ya ndalama. Ife a m'tauni timathirira madzi a pampopi amene timalipira, motero kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kwandithandiza kwambiri kusunga chinyezi. Ndisanatenge kheni ndimalowetsa chala m'dothi, ndipo ngati pansi pali ponyowa ndimasiya tsiku limenelo. Madzi otsukira mpunga ndi masamba, malinga ngati alibe sopo, amapita ku dimba.

Tomato yekha sanafike, ndipo sindikudandaula, chifukwa amatenga miyezi iwiri kapena itatu chiwokereni kuti ayambe kupsa. Pakali pano ndamuimikira mitengo, ndikumumangirira, ndiponso ndikuchotsa mphukira zomera pakati pa tsinde ndi nthambi kuti mphamvu ipite ku zipatso. Ndikuyang'aniranso timizere toyera m'masamba, chizindikiro cha kambozi ka Tuta absoluta kamene kavutitsa alimi a tomato m'dziko muno.

Chimene ndikukonza tsopano ndi kufesa nazale ina mabedi oyamba asanatope, kuti pasadzakhale nthawi yopanda ndiwo. Alangizi andichenjeza kuti kutentha kwa September ndi October kukafika, mpiru umafulumira kuchita maluwa ndipo masamba ake amachepa n'kuyamba kuwawa, choncho m'malo mwake ndidzabzala bonongwe wina, nkhwani ndi therere, zomwe zimapirira dzuwa bwino. Mbewu zingapo za mpiru, zimene zakula mwamphamvu kuposa zinzake, ndaleka kuzithyola kuti zichite maluwa ndi kundipatsa njere zofesa chaka chamawa.