Alamu, siyani chachikulucho

Alamu anga angondiimbira vidiyo ali m'shopu ku Cape Town, m'manja muli ma reel awiri (timakina tokulungira chingwe pa ndodo yowedzera), akuti "alamu sankhani, Loweruka ndikukawedza mackerel ku Kalk Bay." Ine ndili pano pa Chinamwali, munthu wozolowera mlamba wa ku Kachulu, koma sindinachedwe kuyankha: tengani kakang'onoko.

Chinandiseketsa n'chakuti mtima wawo unali pa chachikulu, chonyezimira ngati chokokera ng'ona. Za chiyani? Mackerel ndi nsomba yaing'ono, imayenda m'chigulu, imathamanga, ndipo kukoma kwake n'kumva ikugwedeza ndodo m'manja. Spinning reel ya saizi 3000 kapena 4000 yakwana. Chingwe cha nayiloni chopirira kulemera kwa mapaundi 15, basi. Braid, chingwe cholukidwa, ndi yopyapyala ndipo imaponyeka patali, inde, koma ikapiringizika pa mphepo munthu wongoyamba amangotukwana. Kumapeto kwa chingwecho amange sabiki, timbedza tingapo tovala nthenga kapena kapulasitiki kowala, pansi kachitsulo kolemera. Gulu likafika zimakodwa zitatu zinayi kamodzi, n'chifukwa chake chingwe chisakhale chofooka kwambiri. Chi reel cholemera chija dzanja likanatopa dzuwa lisanatenthe, nsomba osaimva n'komwe.

Ndawauzanso kuti akabwerako azitsuka reel ndi madzi a pampopi, chifukwa mchere wa m'nyanja ya kumeneko sugwirizana ndi chitsulo. Agula ya saizi 4000, akung'ung'udza. Ine ndangopempha chithunzi Loweruka, ndipo asakagule karapao wa mufiriji n'kumandinamiza, ndimamudziwa bwino.