Shati ija ine ndimaiona yotuwa

Popeza mlongo wanga wayamba kale kuifalitsa nkhaniyi Area 25 yonse, mpaka anyamata a kabaza pa Nsungwi akundiitana kuti "amalume a pinki", bola ndiinene ndekha asanaithire mchere wina.

Zinayamba ndi uthenga wa pa WhatsApp: "Achimwene, aphunzitsi akuti Juniyo sakudziwa makala." Ine ndinayankha kuti mwana wa zaka 5 adziwe makala kuti atani, mukufuna azikawotcha ku Dzalanyama? Anachita kundiimbira. Makala achizungu, achimwene, mitundu ya zinthu. Akuti kusukulu ya mkaka anawapatsa mbendera ya Malawi kuti apake ndi makrayoni. Anzake onse anapaka bwinobwino, pamwamba pakuda, pakati pofiira, pansi pobiriwira. Wathuyu pamwamba anakhoza, koma pakati ndi pansi anangothira bulawuni ngati akuzira nyumba. Masamba a mtengo anawapaka olenji.

Mukudziwa kuti kwathu malume ndiye mwinimbumba. Mwana wa mlongo wako akamachititsa manyazi, manyaziwo ndi ako. Ndinati mundipatse Loweruka limodzi lokha, nkhaniyi itha.

Loweruka ndinayala mkeka pakhonde, ndinakhuthula zopanira zovala zonse za mlongo wanga, zapulasitiki zija, ndi tomato wa ndiwo zamadzulo. Ndinati Juniyo, zofiira uku, zobiriwira uku. Abale anga, sindinaonepo mwana wanzeru ngati ameneyu. Chilichonse chimene iye wanena kuti chofiira, inenso ndimaona chofiira. Chimene wakayikira, inenso ndimakayikira, kenako timagwirizana. Sitinatsutsane ngakhale kamodzi. Ndinamugulira kamba awiri, ndipo ndinafuula kuti mlongo, bwera udzaone, vuto ndi aphunzitsi, mwanayu ndi dokotala.

Anatuluka ndi chipande m'manja. Anayang'ana milu yathu iwiri nthawi yaitali.

"Achimwene, mulu uwu ndi wa chiyani?"

"Zofiira."

"Nanga uwu?"

"Zobiriwira. Sukuona?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi. Anati Lolemba mwanayu apite kukayezetsa maso, ndipo amene apite naye ndinu. Ine ndinkaganiza kuti akundipatsa ulemu.

Kuchipatala cha maso, mayi amene anatilandira anatulutsa kabuku kodzaza ndi timadontho, tsamba lililonse bwalo limodzi la timadontho tokhatokha ngati mazira a nkhanga. Tsamba loyamba linali ndi nambala 12. Juniyo anaiona, inenso ndinaiona. Atatsegula lina, mwana anangokhala duu, chala mkamwa. Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Ndinati amayi, mwanayu ndi wamanyazi chabe, tabweretsani kuno. Juniyo, taona mmene amachitira amalume ako.

"21."

Mayiwo anati bambo, tawerengeninso.

"21, amayi. 2 ndi uyu, 1 ndi uyu." Ndinachita kulondola ndi chala, pang'onopang'ono, monga mmene umamulozera mlendo njira ya ku depoti. Ndinawonjezanso kuti 2 wake sanalembedwe bwino, koma munthu wophunzira amamuzindikira.

Pabenchi panali agogo ena aakazi amene anali atangochotsedwa ng'ala, diso limodzi lomata ndi bandeji, ndodo pamwendo. Mayi aja anatembenuzira kabuku kwa iwo, patali ndithu, mamita atatu kapena anayi. Agogo anatsinzinira pang'ono diso lawo lotsalalo, limodzi lokhalo, lotopa, limene mwina linaona Kamuzu akutsika ndege mu 1958, nkunena mosavutikira: "74, mwanangu."

Ndinati agogo, pepani, mankhwala sanakuthereni m'thupi. Anaitana mlonda: 74. Mwana wina wa yunifolomu amene amangodutsa: 74. Mayi woyamwitsa sanasiye nkomwe kuyamwitsa, anangocheuka: 74. Ine ndinali nditaimirira pakati pa chipinda ndi 21 wanga, chala chikadali patsamba. Anatsegula lina, ndinati 70, chipinda chonse chinayankha ngati kwaya ya Mvano kuti 29. Munthu mmodzi yekha amene anali kumbali yanga anali Juniyo. Anandikoka buluku nkunong'ona kuti amalume, inenso sindikuwaona 74 wawoyo.

Ndiye anatikhazika pansi tonse awiri, wamkulu ndi wamng'ono, nkutifotokozera. Kabukuko anakakonza dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, mu 1917, ndipo manambala ena anawabisa dala kuti munthu wa maso ngati angawa aziona nambala ina. Ndiye kuti msampha uja unatcheredwa zaka zoposa 100 zapitazo, kudikira ine. M'diso muli timaselo ta mitundu itatu tozindikira kuwala, ndipo mwa ife mtundu umodzi sugwira bwino ntchito, nchifukwa chake chofiira, chobiriwira ndi bulawuni zimalowana. Munthu amabadwa nazo, sizikula, ndipo mankhwala ake palibe. Zimagwira kwambiri amuna. Kwa azungu ndi mwamuna mmodzi mwa 12 alionse, kuno kwathu ndi ochepa kuposa pamenepo, kutanthauza kuti ine ndine munthu wosowa. Koma chimene chinandipweteka nchakuti zimadzera kuchikazi. Mayi amangonyamula, iye nkumaona bwinobwino, kenako nkupatsira ana ake aamuna. Amayi athu anandipatsa ine, anasungitsanso mlongo wanga, iye nkupatsa Juniyo. Ufumu kuchikazi, munda kuchikazi, ndi ichinso kuchikazi. Mwana wa mbumba yanga walowa chuma cha amalume ake ndikadali moyo.

Tikanachoka pamenepo bwenzi zili bwino. Koma mayi aja, akutseka kabuku kawo, anafunsa ngati akungocheza: "Bambo, shati mwavalayi ndi ya mtundu wanji?"

Ndinati yotuwa. Ngati phulusa.

Agogo aja anaseka mpaka anagwira bandeji kuti isagwe.

Shati imeneyo ndinaigula pa kaunjika ku Tsoka mu 2019. Ndi shati yanga yaulemu. Ndinaivala pa chinkhoswe cha msuweni wanga, ine ndili nkhoswe, ndikulankhula mawu olemera pamaso pa akuchimuna. Ndinaivala pamaliro awiri, ena ndinanyamula nawo bokosi. Ndinapita nayo kokafunsira ntchito. Nthawi yonseyi ndili mu pinki, pinki weniweni, wa keke ya ukwati. Ndipo inu anzanga amene mukuseka lero, tinkakhala limodzi pabawo madzulo alionse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Mlongo wanga akuti ankaganiza kuti ndi sitayilo.

Komanso tinene zoona. Chichewa chathu chili ndi chofiira, choyera, chakuda, chobiriwira, chotuwa. Chikasu tinachita kubwereka ku muzu uja wothira mu mpunga, buluu timalozera ku mtambo. Pinki si mawu athu. Agogo anga anakhala zaka zawo zonse osatchulapo pinki, ndipo analera ana 9. Maloboti sanandivutepo: lapamwamba ima, lapansi pita. Manoma ndi Maule ndimawasiyanitsa ali kutali, chifukwa buluu ndimamuona bwino kwambiri, mwina kuposa inu. Chokhacho chimene ndamvetsa mochedwa nchakuti tomato wanga ankakana kupsa mumphika chifukwa chiyani. Zaka zonsezi amayi akumsika akhala akundiunjikira wosapsa, ine nkumathokoza basela.

Pano makrayoni a Juniyo ali ndi timapepala, mlongo wanga analemba dzina pa lililonse, ndipo aphunzitsi anauzidwa kuti si ulesi. Mbendera akupaka bwino, akuchita kuloweza kuti krayoni iti ipite pati. Ine anandiletsa kumuphunzitsa mitundu, anandisiyira masamu. Kumsika ndimapita ndi mwana wa aneba, wamkazi, wa Sitandade 2, ndiye amasankha tomato.

Shati ndikadali nayo. Nsalu yake ndi yolimba, ndipo ndikaiyang'ana mpaka lero ndi yotuwa.